Bana Given ndi Given M'khola Limodzi

Nkhani ya Destiny Kabamba anthu a ku Kabwata aikamba mosiyanasiyana, ena mpaka kuthila mchele woti mtsikanayo anakomoka pamsewu. Sanakomoke ayi. Mmene zinayendela ndi umu.

Destiny anali mu Giledi 9, mwana wa m'banja la Sabata, ndipo pa gemu ya zilombo panalibe mtsikana womuposa pa laini yawo yonse. Gemu imeneyi ndi ya pa foni. Dzina lake lenileni ndi lachizungu, lalitali, palibe amene amavutika kulitchula. Umagwila zilombo, kuzilela, kuzikwatitsa kuti ziikile mazila, kenako n'kumazimenyanitsa ndi za anzako. Ndi Destiny amene anaphunzitsa Chiza ndi Emmy, anzake a kusukulu, nthawi imene awiliwo sankadziwa n'komwe kuti chilombo cha moto chimaopa cha madzi. Koma mipikisano yonse ya mu Lusaka imagwa Loweluka, ndipo Loweluka Destiny amakhala ku tchalitchi, foni yake itagona m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati ya amayi ake. Lamulo la pakhomopo linali lakuti dzuwa likamalowa Lachisanu mafoni onse alowe m'chitini, adzatulukemo Sabata likatha. Choncho zaka ziwili zathunthu Destiny ankangomva Lolemba kuti anzake amenya bwanji.

Ndiye kunamveka zoti shopu ina ya magemu ku Woodlands yaika mpikisano pa Sande. Akuti mwini shopuyo anali ndi ukwati wa mlongo wake Loweluka, ena akuti ukwatiwo unali wake womwe, wachiwili, koma zimenezo tizisiye. Kwa Destiny nkhani inali Sandeyo.

Lachiwili pa buleki anawapeza anzake kuseli kwa kalasi akudya vitumbuwa.

“Mwamva? Sande! Manje nizasewela na imwe!”

Emmy anayang'ana pansi. Chiza, yemwe ndiye kaputeni ndipo sadziwa kuzungulila nkhani, anapukuta zala pa siketi.

“Iwe Destiny, mvela. Timu ni ya anthu atatu. Chloe wa ku Kabulonga, kwa olemela kuja, wasewela na ife mipikisano inayi. Sitingamutaye chabe chifukwa iwe wapeza Sande.”

“Chloe? Uja amatcha zilombo zake maina ya makeke?”

“Yemweyo. Koma abwela, iwe subwela. Chimene tifuna ni nyalumphepo wa ma 30 atatu: liwilo, nkhonya na moyo. Ukabwela naye Sande 2 koloko isanakwane, malo ni yako. Ukabwela chimanjamanja, nilemba Chloe. Ndipo osalila.”

“Ine kulila? Konza bolopeni yako,” anatelo Destiny.

Kuti mumvetse zimene Chiza anapempha, muyenela kudziwa mmene zilombo zimabadwila. Chilichonse chili ndi manambala anayi: moyo, nkhonya, chikopa ndi liwilo. Yapamwamba ndi 30, ndipo nambala imene chilombo chabadwa nayo ndi yomweyo mpaka kalekale, ngakhale uchidyetse bwanji. Ukaika chachikazi ndi chachimuna m'khola, mwana amatenga mtundu wa amake, kaya bambo ndi wooneka motani. Pa manambala anayi aja gemu imasankha atatu n'kukopela kwa makolo, iyi kwa mayi, iyo kwa bambo, mmene yafunila yokha. Yachinayi imangogwa mwamwayi. Ndiye ngati makolo onse ali ndi liwilo 30, mwana naye athamanga, bola liwilolo lisankhidwe. Koma ngati wina ali ndi 30 mnzake ali ndi 4, pamenepo ndi pemphelo basi.

Nyalumphepo ndi kambuku wobiliwila wa timapiko, amene amamenya mdani asanaphethile n'komwe. Wa ma 30 atatu sumugwila kutchile. Umachita kumubeleketsa, m'badwo ndi m'badwo, ndipo Destiny anali atafika pafupi. Anali ndi wamkazi wa liwilo 30 ndi moyo 30. Zilombo zake zonse ankazitcha mayina a anthu a m'dela, ndi khalidwe lake limenelo, ndipo uyu anamutcha Bana Given, kutengela amake Given ogulitsa tomato pa msika wa Kabwata, amene tsiku lina anathawa apolisi a khansolo atasenza dishi, osagwetsa tomato ngakhale mmodzi. Bana Given wa mu foni atabeleka mwana wamwamuna wa liwilo 30 ndi nkhonya 30, dzina linali lodziwikilatu. Given.

Aliyense wosewela gemu imeneyi amadziwa chotsatila. Umatenga mwanayo n'kumubwezela m'khola limodzi ndi amake. Gemu siletsa, ndipo palibe amene amaganizapo kawili. Liwilo lili kwa onse awili, moyo uchoke kwa mayi, nkhonya ichoke kwa mwamuna, basi watha. Chiza, amene masamu amawamwa ngati madzi, anawelengela kuti pa mazila 16 limodzi limayenela kutuluka bwino. Kuyenela, osati kulonjeza.

Vuto linali miyendo. Foni imanyamula mazila asanu okha nthawi imodzi, ndipo kuti aswe uyenela kuyenda nayo makilomita asanu ndi mapazi ako. Pa makilomita omwewo khola limaikila ena asanu n'kumakudikila. Ukakwela minibasi gemu imazindikila. Ukamagwedeza foni uli chogona imazindikilanso. Emmy anayesapo kuimangilila pa galu wa kwawo, galuyo n'kukagona pansi pa galimoto tsiku lonse. Destiny sukulu yake ili pafupi ndi nyumba, ndipo akaweluka pali mbale ndi homuweki. Pofika Lachisanu anali ataswa mazila khumi okha, ndipo ana onse khumi anali osathandiza: wina wothamanga koma nkhonya ya khanda, wina wankhonya koma moyo wa udzudzu.

Apa m'pamene anakumbukila ba Imelda. Ba Imelda ndi azakhali ake, alongo a atate ake, ochokela ku Mansa. Ankagona m'chipinda chakumbuyo chaka chachitatu tsopano, kuchokela pamene banja lawo linatha. Iwo si a Sabata, amapemphela ku Pentekosite, ndipo Loweluka ndilo tsiku lawo lalikulu la malonda. Amapikula mabedishiti ndi makatani ku Kamwala, n'kuyenda nawo m'chikwama chachikulu cha mizelemizele, shopu ndi shopu pa Cairo Road, kenako geti ndi geti m'mayadi. Basi amakwela akadwala pokha.

Destiny anawapeza akupinda katundu pa bedi, dzuwa litatsala pang'ono kulowa.

“Ba Anti, mawa muyenda kuti?”

“Konsekonse. Kamwala, tauni, Kabulonga. Ufuna chani?”

“Munganinyamulileko foni yanga?”

“Ili na chani?”

“Mazila.”

Ba Imelda anasiya kupinda. “Mazila ya nkhuku?”

“Ya kambuku.”

“Kambuku aikila mazila. Chabwino. Ndiye sukulu ya masiku ano iyi.”

Destiny anawasonyeza mwachangu. Foni ikanjenjemela ndiye kuti asanu aswa. Adine apa kulowa m'khola, adine apa kutenga ena asanu, kenako aibwezele m'chola n'kupitiliza ulendo wawo.

“Magalasi yanga yali kutali, koma naona,” anatelo ba Imelda. “Chikalila nidina apa na apa. Nimagulitsa pa foni ine, osaniona monga mbuli. Koma uzanichapila makatani awili yaja yanagwa m'matope.”

Chitini chitayamba kuzungulila, Destiny ananena kuti foni yake wabweleka ba Anti. Amayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu, koma nkhani zokhudza alamu awo sankazilowelela. Anangotseka chitini.

Sabata limenelo Destiny anakhala pa benchi ngati mwana wabwino, koma mutu unali mumsewu. Ba Abson, mkulu wa mpingo amene amayenda ngati akuopa kudzutsa nyelele, ataimilila kupemphela, Destiny anawelengela kuti pemphelo lawo lokha ndi kilomita imodzi ndi theka ya ba Anti. Pa ulaliki anati pano ali pa Cairo Road. Pa chakudya cha masana anati asanu achiwili aswa. Anadzimva wochimwa pang'ono, koma pang'ono pokha.

Dzuwa litalowa, banja litaimba nyimbo yotsekela Sabata, geti linalila. Ba Imelda analowa mapazi ali mbuu ndi fumbi, osapeleka moni wambili, n'kupitilila kuchipinda kwawo. Destiny anawatsatila.

“Ba Anti, mwayenda shani?”

“Tenga chinthu chako.”

Anaiponya pa bedi. Destiny sanasamale za nkhope yawo, anatsegula gemu. Makilomita 25! Ana atsopano 20! Anayamba kuwaona mmodzimmodzi. Asanu oyamba, aja anawanyamulitsa yekha Lachisanu, munalibe wabwino, koma zimenezo zimachitika. Wachisanu ndi chimodzi: liwilo 4. Wotsatila: liwilo 4. Wotsatila: liwilo 30, nkhonya 9. Nambala 4 imeneyi inachokela kuti, pamene makolo onse ali ndi 30? Analowa m'khola.

Bana Given anali momwemo. Koma pambali pake panalibe Given. Panali chimvuu chamiyala, chonenepa, chimene Destiny anachigwila kalekale n'kuchitcha Ba Abson.

“Ba Anti! Mwachita chani?”

“Ine nachita chani? Tseka chitseko, anyoko asamve.” Ba Imelda anakhala pa bedi n'kuyamba kuvula nsapato. “Nafika ku Kamwala, chalila. Navala magalasi. Naona dzina: Bana Given. Pambali: Given. Nyumba imodzi, na tumitima tuuluka pamwamba pawo. Nati awe, kapena ni Given wina, ba Given ni ambili mu Lusaka. Nadina pa dzina. Chanionetsa pamenepo: amake, Bana Given. Lesa wandi! Nachita kukhala pansi pa sitepe ya shopu.”

“Ni gemu chabe, ba Anti!”

“Gemu. Mwana wa Sabata, foni m'chitini, nyimbo pakamwa, kumbali akwatitsa mwana na amake. Ndipo ine ndiye nizinyamula malodza yamene aya pachifuwa, kulowa nayo m'manyumba ya anthu? M'mawa monse sininagulitse ngakhale pilo kesi imodzi. Nadabwa kuti ni chani. Kansi ni iwe.”

“Si anthu aba! Ni manambala!”

“Manambala yali na maina? Ndiwe unawapatsa maina. Bana Given nimagula tomato kwa iwo, tipatsana moni tsiku na tsiku. Mawa nizawayang'ana bwanji?”

Destiny anagwila mutu. “Nanga mazila asanu yanali kudikila m'khola?”

“Nataya. Pali kabini pansi apo, kufunsa kawili ngati nitsimikiza. Natsimikiza.”

“Mayo!”

“Aja anabadwa kale nawasiya. Mwana alibe mlandu.”

“Ndiye pa zilombo zanga zonse, zoposa handiledi, mwasankha Ba Abson?”

“Nayang'ana onse bwinobwino, nataya na nthawi ya malonda. Ena ni tunyamata toondaonda, maso pamwamba. Uyu ni mwamuna wathupi, wofatsa, wa mpingo. Azamusunga.”

“Liwilo lake ni 4!”

“Mwamuna wothamanga ine ninakhala naye,” anatelo ba Imelda. “Anathamanga mpaka ku Kitwe.”

Destiny anafuna kukuwa, koma azakhali sukuwa nawo, ndipo kukadandaula kwa amayi kunali kudziulula wekha kuti foni yagwila ntchito pa Sabata. Anaona ana 15 a Ba Abson mpaka womaliza, mwina mwayi n'kugwa. Onse anali anyalumphepo ndithu, obiliwila, okongola ngati amawo, koma nkhonya ya 30 inalibe kochokela. Anachotsa Ba Abson m'khola n'kubwezelamo Given. Ba Imelda anaona, anatsonya.

“Ba Anti, mawa mukachoka ku tchalitchi, munganiyendeleko pang'ono chabe? Nisintha maina. Uyu azakhala Sampa, uyu Kalenga.”

“Ukasintha dzina, magazi yasintha? Peza mwamuna wa nyumba ina, nizakuyendela mpaka ku Lilayi. Koma uyo na amake, awe mwandi. Yenda wekha.”

Kunja kunali kutada kale, ndipo atate ake salola mwana wamkazi kutuluka geti kukada. Sande m'mawa kwa a Sabata ndi nthawi yochapa. Destiny anachapa mayunifomu, anachapa makatani awili a ba Anti, anakolopa, n'kutuluka 9 koloko itakwana. Anali ndi maola asanu, khola lopanda dzila ngakhale limodzi, ndi matenesi amene anayamba kumuthina chaka chatha. Masamu ake anali osavuta. Makilomita asanu oyamba ndi oti khola liikile. Asanu achiwili aswe mazila asanu. Asanu achitatu aswe ena asanu. Mazila khumi, pamene Chiza anati 16.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la mu Lusaka limene limaotcha ngakhale m'mawa. Anatsika ndi Burma Road kulowela m'tauni. Makondakitala ankamuimila okha.

“Sisita, tauni tiye! Mpando ulipo!”

“Niyenda pansi.”

“Mwakana basi, kapena basi yakukanani?”

Destiny anapitilila. Anayenda Cairo Road yonse, mashopu ambili ali otseka, mpaka kumapeto, n'kutembenuka. Foni inanjenjemela, anatenga mazila asanu oyamba. Pobwelela chidendene chakumanzele chinayamba kuwawa. Anagula madzi a m'pulasitiki, theka anamwa, theka anathila m'mutu. Analowa Independence Avenue, msewu wautali uja wa mitengo, maluwa a jakalanda atagwa pansi ngati wina wamwaza dala. Cha ku makhoti foni inanjenjemelanso. Anaima pamthunzi. Woyamba, ayi. Wachiwili, ayi. Wachitatu anali ndi moyo 30 ndi liwilo 30, kope la amake, nkhonya 13. Wachinayi ndi wachisanu osanena n'komwe. Anatenga asanu omaliza. Nthawi inali 12 koloko ndi theka.

Kuchokela pamenepo sanayendenso bwino. Anavula tenesi imodzi, anapeza thuza laphulika, sokosi yamatilila. Anapinda kumbuyo kwa nsapato n'kuiponda ngati patapata. Chiza anatumiza uthenga: uli kuti? Destiny anayankha: nibwela. Emmy anatumiza wake: kwela basi iwe. Destiny anapitiliza wapansi.

Anafika pa shopu ya ku Woodlands kutatsala mphindi khumi ndi zisanu. Pakhomo panali anyamata ambilimbili ndi mafoni awo, ndi tebulo pamene ba Nicodemus, wantchito wa pashopupo, ankalemba matimu. Chiza ndi Emmy anali pambali, ndi Chloe, atavala mahedifoni apinki m'khosi.

“Ali kuti?” anafunsa Chiza.

“Akali m'dzila. Kwatsala mamita 700.”

“Destiny!”

“2 koloko siinakwane.”

Anayamba kuzungulila malo oimika magalimoto, akutsimphina, nsapato imodzi ikukhwekhweleza. Anyamata aja anayamba kuseka, wina n'kumawelenga mokweza kuti wazungulila kangati. Mlonda anamufunsa ngati wataya chinthu. Kachitatu Emmy anamutsatila. Kachinayi Chloe naye anabwela, n'kumupatsa botolo lake la madzi ozizila. Destiny anafuna kukana, koma khosi linalandila lokha.

“Atsikana, nitseka buku,” anaitana ba Nicodemus. “Mphindi zitatu.”

Foni inanjenjemela. Onse anayi anaunjikana, mitu pamodzi, Chiza akuwelenga mokweza ngati aphunzitsi.

“Liwilo 17. Taya. Wachiwili, liwilo 30, nkhonya 13. Taya. Wachitatu, chimodzimodzi. Wachinayi, nkhonya 30, moyo 30...” Emmy anagwila dzanja la Destiny. “Liwilo 8. Lagwa mwamwayi, silinasankhidwe. Taya.”

Dzila lomaliza linang'aluka pang'onopang'ono, monga imachitila gemu ikafuna kukuzunza. Munatuluka kamkazi.

“Liwilo 30. Nkhonya 30.” Chiza anaima. “Moyo 11.”

“Amenya woyamba,” anatelo Destiny msangamsanga. “Sazamenyedwa. Moyo ni wachani ngati mdani wagwa kale?”

“Akaphonya? Kapena mdani akapilila nkhonya imodzi? Uyu ngakhale kumuyetsemulila agwa. Chloe, onetsa wako.”

Chloe anaonetsa, mwamanyazi ndithu. Nyalumphepo wamwamuna, dzina lake Keke: liwilo 30, nkhonya 30, moyo 25. Naye sanali wa ma 30 atatu, koma 25 ndi 11 ngakhale mwana wa Giledi 1 amasiyanitsa.

“Ninakamba Lachiwili,” anatelo Chiza, osamuyang'ana m'maso. Anapita pa tebulo n'kulemba: Chiza, Emmy, Chloe.

Destiny sanalile, zimenezo aliyense amene analipo angachitile umboni. Anakhala pa mpando wapulasitiki kumbuyo, nsapato zili m'manja, n'kuonela mpikisano wake woyamba ndi maso. Atsikanawo anapambana kawili, kachitatu anagonja kwa anyamata a ku Chelstone. Destiny anaona pamene Emmy analakwitsa, anaonanso pamene Chloe anachedwa kusintha chilombo, koma anasunga pakamwa. Potuluka anafunsa ba Nicodemus kuti wa pa Sande wina udzakhalako liti.

“Kapena Disemba, masukulu yakatseka. Kapena. Abwana ndiye adziwa.”

Anabwelela pa minibasi. Ba Imelda anali pakhonde lakumbuyo akusita makatani aja. Anamuona mmene ankapondela. Analowa m'khitchini, anabwela ndi beseni la madzi ofunda othila mchele, n'kuliika patsogolo pake.

“Ika mapazi. Wayenda zingati?”

“Fifitini.”

“Na nsapato izo? Uzafa. Munthu ayenda na nsapato yaikulu, na sokosi ziwili.” Anabwelela ku ayiloni. “Mwana anabadwa?”

“Sanabadwe. Malo atenga Chloe.”

Ba Imelda anasita katani yonse mpaka kumapeto. Kupepesa sanapepese, si anthu opepesa amenewo.

“Lachitatu nili na oda ku Emmasdale, Lachinayi ku Lilayi. Ni mitunda. Mawu yanga ni yamene yaja. Mwamuna wa nyumba ina.”

“Wa liwilo 30 na nkhonya 30 sapezeka monga tomato, ba Anti.”

“Mu Lusaka yonse?”

Destiny anaganiza, mapazi akuluma m'madzi. Mu Lusaka yonse ankadziwa mmodzi, ndipo anamuona masana omwewo. Anatenga foni, analemba uthenga, anafufuta, analembanso. Kupempha Chloe kunali kowawa kuposa thuza. Pomaliza anatumiza: unganibweleke Keke sabata imodzi?

Yankho silinachedwe. Chloe anati palibe vuto, koma mwana woyamba wa ma 30 atatu akhale wake. Destiny anawawelengela ba Imelda.

“Ati chani? Woyenda ni ndani, iye kapena ine? Muuze kuti woyamba ni wathu, wachiwili ni wake. Akakana, asunge mwamuna wake.”

Destiny analemba momwemo, kungochotsako mawu omalizawo. Panapita mphindi ziwili. Kenako foni inalila, ndipo Keke analowa m'bokosi la Destiny, timapiko tikugwedela.

Asanamuike m'khola, Destiny anadina pa dzina lake kuti aone makolo. Amake anali Bisiketi. Atate ake anali Shuga. Anadina pa Bisiketi kuti aone agogo. Atate ake a Bisiketi analinso Shuga yemweyo.

“Wafika?” anafunsa ba Imelda, akufunafuna magalasi m'thumba la epuloni. “Leta nione. Ni wa banja labwino?”

Destiny anatseka tsamba la makolo, n'kuwapatsa foni ikuonetsa nkhope ya Keke yokha.

“Ni wa ku Kabulonga, ba Anti.”

Ba Imelda anamuyang'anitsitsa kambukuyo, uku ndi uku, n'kugwedeza mutu.

“Woonda. Koma aoneka waulemu. Muike.”